Zikomo nonse amene munagwira nafe kolona

Abale ndi alongo, amayi atuluka m'chipatala, ali kunyumba. Akuyenda ndi ndodo, dzanja lamanja likadali lolemera, koma phala akumwa okha ndipo ayambanso kutikalipira tikasiya mbale zosatsuka.

Sitiroko inawagwira mu Ogasiti ali kudimba. BP inali itakwera kwambiri, mapiritsi anali atasiya kumwa mwakachetechete poti amadzimva bwino. Titafika nawo kuchipatala, mawu anali atatsekeka. Amatiyang'ana, kutizindikira, koma dzina la mwana wawo yemwe osatuluka.

Amayiwa ndi amene anatilera ndi kolona. Kwathu munthu sumagona usanagwade pamphasa, kaya wachokera kumpira kaya maso akulemera. Tili ana tinkadandaula kuti makumi asanu ndi ambiri, ena mpaka kusinza pa khumi lachitatu. Ndiye atagona iwo pabedi, ife tinachita zomwe anatiphunzitsazo. Madzulo alionse mlongo wanga amawaika mikanda m'dzanja lamanzere, achimwene ali ku Johannesburg pa WhatsApp, azakhali pambali. Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku a misteri yachisoni, zimativuta kumaliza. Lachinayi lina tikunena misteri ya kuwala, ija anaonjezera Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 2002, ndinatsogolera Tikuoneni Maria, ndipo poyankha tinamva liwu lina lolowa pansipansi: "mutipempherere ife ochimwa." Anali amayi. Azakhali anangokhala pansi, kulira. A fiziyo, othandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anatifotokozera kuti mawu amene munthu wawabwereza moyo wake wonse kawirikawiri ndiwo amayamba kubwerera. Zimenezo tikuzivomera, ndipo sizikutiletsa kuthokoza Amayi Maria.

Tikuthokoza madokotala, anamwino ndi a fiziyo chifukwa cha kuleza mtima kwanu. Bambo mfumu, munabwera usiku kudzawapatsa sakramenti la odwala, Mulungu akudalitseni. A mphakati wathu, munasinthana kubweretsa nkhuni, ufa ndi ndiwo kumalo a magadiyani osatopa. Amayi Akatolika ndi a Lejio ya Maria, inu ndiye ndilibe mawu: kuwasambitsa, kuchapa zitenje, kugona pasimenti kuti ife tikapumeko. Pali mayi wina wa mpingo wina, gadiyani wa bedi loyandikana, amene sadziwa n'komwe kolona, koma tikayamba amatontholetsa ana ake n'kuweramitsa mutu. Mayi, ngati uthengawu ukupezeni, zikomo. Amene munatumiza kangachepe pa Airtel Money ndi Mpamba, ndalama zanu ndizo zagula ndodo ndi mankhwala.

Kuno ku Malawi Tsiku la Anakubala, pa 15 Okotobala, limagwera m'mwezi wa kolona, ndipo chaka chino tilichita mosiyana. Chitenje tigula ndithu, koma tagulanso kamakina koyezera BP, ndipo tagawana masabata owaperekeza kusikelo yawo. Inunso amene amayi anu alipo, musangowatumizira shuga ndi sopo, afunseni ngati mapiritsi akumwadi, muone paketi ndi maso anu.

Lamulungu likubwerali tapereka Misa yothokoza, ya m'mawa, kenako tikanena kolona kunyumba, amayi akuti atsogolera okha khumi loyamba. Nonse ndinu olandiridwa. Amene munasiya mafulasiki ndi makontena kuchipatala kuja, tawatsuka, mudzatengere konko.