Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kusoka zikopa ku Malvern

M'gawo lapitali ndinalekeza pamene ndinasiya ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Worcester ku England. Tsopano ndifotokoze za ntchito imene ndinapeza pambuyo pake kufakitale ya magalimoto a Morgan, yomwe ili ku Pickersleigh Road m'tauni ya Malvern Link, m'munsi mwa mapiri a Malvern. Chimene chinandilowetsa kumeneko si satifiketi ya sukulu ayi, koma utelala umene ndinaphunzira kwa amalume anga pakhonde la sitolo ku Limbe, luso limene kwathu ndinkachita manyazi kulitchula pamaso pa anzanga ophunzira.

Fakitaleyi ndi mndandanda wa nyumba za njerwa zofiira zomangidwa pamalo otsetsereka, ndipo kutsetserekako nkothandiza, chifukwa galimoto ikatha kugwiridwa m'nyumba ina, anthu amangoikankha ndi manja kupita nayo m'nyumba yotsatira. H.F.S. Morgan, amene anayambitsa kampaniyi, anapanga galimoto yake yoyamba, ya matayala atatu, mu 1909, ndipo ya matayala anayi yotchedwa 4/4 inatuluka mu 1936, koma ine nditafika ndinapeza ikupangidwabe ndi maonekedwe osasiyana kwenikweni ndi akalewo. Alendo ambiri amabwera akukhulupirira kuti galimoto yonse ndi yamatabwa, pamene zoona zake n'zakuti tsinde lonyamula injini ndi matayala linali lachitsulo nthawi imeneyo, ndipo mtengo wa ash umangopanga mafupa a thupi lake, omwe amakutidwa ndi aluminiyamu.

Nyumba imene ndinkaikonda kuposa yathu inali ya akalipentala, ndipo nthawi ya tiyi ndinkapeza chifukwa chodutsirako. Kumeneko kuli chikombole chakale cha matabwa, chodetsedwa ndi guluu wa zaka zambiri, chimene amapindirapo mbali yozungulira pamwamba pa tayala lakumbuyo. Mmisiri amatenga timatabwa topyapyala, n'kutipaka guluu, n'kutisanjikiza, kenaka amatipinda pachikombolepo n'kutimanga zolimba mpaka titauma tili chikhotere. Bambo wina wachikulire amene ankagwira ntchitoyi anandiuza kuti anaipeza kwa amene anamuphunzitsa ali mnyamata, ndipo iye sankaona chifukwa chosinthira chida chimene sichinalakwepo. Pafupi pomwepo wina ankaboola timipata totulutsira mpweya wotentha pachivundikiro cha injini, kamodzikamodzi, akuyeza ndi maso.

Ife osoka tinkalandira galimoto itapakidwa kale penti. Chikopa cha ng'ombe chimayalidwa patebulo lalikulu, ndipo usanadule umayamba wachisisita ndi chikhatho kufunafuna zipsera za minga ndi nkhupakupa, kuti zisadzaonekere pampando. Chikopa sichikhululuka ngati nsalu, pakuti singano ikangolowa polakwika, bowolo limakhala pomwepo mpaka kalekale, motero munthu amasoka modekha ngakhale ntchito itachuluka. Mwini galimoto amasankha yekha mtundu wa chikopa ndi wa ulusi, ndipo ena amasankha mitundu yoti telala wanzeru akanawaletsa, koma ife tinkasoka osanena kanthu.

Chinandivuta kuzolowera ndi kaitanidwe ka anthu. Mnyamata wongoyamba kumene ntchito ankaitana munthu wa imvi ndi dzina lake loyamba, ndipo ine lilime linkakana, mpaka anzanga ankandiseka kuti ndimalankhula ngati ndili kukhoti. Komabe ulemu unalipo, kungoti unkaonekera pantchito: mkulu akagwira msoko wako n'kungogwedeza mutu osayankhula, tsiku limenelo unkapita kunyumba mtima uli m'malo. Ambiri anali obadwira m'dera lomwelo, ena bambo ndi mwana wake, ndipo nkhani imene akuluakulu sankatopa kuibwereza inali ya pulogalamu ya pa TV yoonetsedwa mu 1990, imene Sir John Harvey-Jones, katswiri wa zamalonda, anabwera ndi makamera a BBC n'kulangiza kuti fakitale isinthe kagwiridwe ka ntchito ndi kuchulukitsa magalimoto. Peter Morgan, mwana wa mwini woyamba, sanatsatire zambiri mwa malangizowo, ndipo anthu ofuna kugula anachuluka pulogalamuyo itaonetsedwa. Ine ndimaona kuti mlangiziyo sanalakwe zonse, popeza kusintha kunabwerabe pang'onopang'ono: injini za BMW zinalowa, mu 2019 kampani ya Investindustrial inagula gawo lalikulu la Morgan, ndipo tsinde lachitsulo lija linasiyidwa mu 2020, m'malo mwake n'kubwera la aluminiyamu.

Pafupifupi tsiku lililonse la ntchito magulu a alendo ankadutsa pakati pathu ndi kutijambula tili pamakina, ndipo nthawi zina mwini galimoto ankabwera kudzaona yake isanathe. Mayi wina wochokera ku Germany anaima nthawi yaitali pambali panga akuyang'ana mpando wake ukusokedwa, n'kundifunsa kumene ndinaphunzira ntchitoyi. Madzulo ake ndinaimbira foni amalume kuwauza kuti dzina la Limbe lamveka ku Malvern, ndipo iwo anangofunsa ngati makina akuno amathyola singano pachikopa chokhuthala. Za ulendo wanga wobwerera kumudzi kukawaona ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.