Gawo la angelo ndinamwa ndine

Alamu anga atabwera kuchokera ku Johannesburg kudzaonerera Nc'wala, mwambo wa Angoni wa ku Mtenguleni kufupi ndi kwathu kuno ku Chipata, anatulutsa botolo m'chikwama mosamala ngati khanda la tsiku limodzi. "Iyi ndi Cognac, alamu, XO. Titsegulira alendo Loweruka tikachoka ku Mtenguleni."

Anandikhazika pansi, sukulu n'kuyamba. Mowawu, akuti, amautcheza ku France, m'dera la Cognac, kuchokera ku vinyo wa mphesa zoyera. Amautcheza kawiri mumphika wa kopa, mutu ndi wakumapeto n'kupatula, kusunga wapakati wokha. Apa ndinagwira pakamwa. Kwathu ku Mchini mutu ndi umene timakanganirana! Akatero amauthira m'migolo ya mtengo wa oak, ndipo kuti ulembedwe XO uyenera kugonamo zaka zosachepera 10. Chaka ndi chaka wina umauluka kudzera m'matabwa, mpaka makoma a nyumba zosungiramo amada bii. Eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo.

Lachitatu alamu anapita ku Katete kukaona azakhali awo, makiyi n'kundisiyira ine.

Mulungu ndi mboni, cholinga changa chinali kununkhiza basi. Koma abale, fungo lake! Loyamba linali ngati mango okupsa kwambiri, kenako uchi, kenako mtedza wokazinga, kumapeto kafungo ka bowa wa m'nkhalango mvula itangokata. Ndinati ndilawe kachivindikiro kamodzi. Kachasu amakanda pakhosi ngati mphaka, koma uyu anatsika mwaulemu ngati mkamwini wolowa m'nyumba ya apongozi. Kachiwiri kanali kotsimikizira koyamba. Kachitatu sindikudziwa anandituma ndani. Mnzanga wina amene timapalasa naye njinga zonyamula anthu pa Kapata anangotulukira, ndipo mlendo samanidwa.

M'mawa botolo linali mbee.

Nzeru zinabwera msanga, ngakhale mutu unkalemera. Ndinathamangira kwa mayi ena ku Mchini, kugula kachasu wamutu weniweni, kufulula tiyi wakuda, kusakaniza mpaka mtundu utafanana. Ndinadziyamikira ndekha.

Loweruka madzulo alendo anadzaza pabalaza, ena zikopa zidakali m'mutu. Alamu sanaone n'komwe kuti botolo linatsegulidwa kale, chifukwa ndinadzipereka kuthira ndine. Anazungulitsa tambula, kutsinzina, kununkhiza.

"Mukumva fungo la mtedza, agogo? Zaka 10 zimenezo."

Agogo aamuna, amene mano anatha koma mphuno ikadali yakuthwa, analawa pang'ono n'kukhala chete. Analawanso.

"Mwati ku France?"

"Ee, agogo."

"Ndiye kuti mayi aja a kuseri kwa chigayo anasamukira ku France. Uyu ndi gaga ndi shuga, mwana wanga. Ndamumwa kuyambira nthawi ya Kaunda."

Anthu anaseka, alamu n'kumakana kwamtuwagalu kuti agogo lilime linafa. Ndikanapulumuka ndithu. Koma pokweza botolo kuti aliyense awerenge zilembo, masamba a tiyi anayamba kuvina pansi pake ngati nawonso abwera ku Nc'wala.

Maso onse kwa ine. Ndinameza malovu.

"Alamu, si paja munati angelo amatengako gawo lawo?"

"Angelo ake omwa mpaka kusiya tiyi?"

Mlandu anaweruza agogo omwewo, tambula ili m'manja: mbuzi ziwiri, komanso kuwanyamula alamu pa njinga ulere mpaka tsiku lobwerera. Alamuwo amalemera ngati matumba awiri a feteleza, ndipo tchuthi chawo anawonjezera ndi milungu iwiri.