Pansi pofiira tisanaikepo matailosi

Pabalaza pathu panali simenti yofiira, ija timapaka Cobra Loweruka lililonse. Titagula matailosi, mmisiri sanafune n'komwe kutsegula makatoni. Anadontheza madzi pansi, madonthowo n'kungokhala pamwamba ngati pa tsamba la nthochi. "Bambo, onani nokha," anatero. "Polishi walowa mkati, guluu wa matailosi sangagwire apa."

Choncho tinayamba ndi kukwecha phula lonselo ndi gilayinda, kenako kutematema ndi hamala ndi tchizulo kuti pakhale pokakala. Fumbi la simenti limawononga mapapo, ndiye tinatsegula mawindo, kuvala masiki, ndi kutulutsa ana m'nyumba. Titadonthezanso madzi, analowa msanga.

Gawo limene ndinachita ndekha ndi logogoda. Ndinayenda chogwada chipinda chonse ndikumenya pang'onopang'ono ndi hamala. Pamene simenti yagwira bwino pamalira molimba, koma pamene yamasuka pamamveka mphako. Pafupi ndi khomo ndi pakona ina panalira choncho, tinaswapo mpaka kufika pa konkire yolimba. Mng'alu wina wa m'mbali mwa khoma unali njira ya chiswe. Tinaukulitsa, kuthiramo mankhwala, kenako kuutseka. Tailosi yoikidwa pa mphako imasweka tsiku limene mwendo wa mpando waipondera, ndipo kupeza ina ya mtundu womwewo pakapita zaka n'kovuta.

Za levulo tinagwiritsa paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, n'kulemba mzere kuzungulira makoma onse. Kenako thabwa lowongoka la mamita 2 tinaligoneka paliponse. Mpata wa pansi pa thabwa usapose mamilimita 3, makamaka ngati matailosi ndi aakulu a masentimita 60 kwa 60. Pathu panali potsetsereka kwambiri moti tinayala simenti ina pamwamba. Musaiwale zitseko: pansi pakakwera zimakana kutseguka, zathu tinazidula m'munsi.

Posakaniza tinatenga muyeso umodzi wa simenti ku miyeso inayi ya mchenga wa kumtsinje wosefa, osati wa kudambo wokhala ndi dothi. Madzi ochepa chabe, oti ukafumbata m'manja ugwirane koma osadontha. Tinanyowetsa pansi dzulo lake, tsikulo n'kupaka simenti yamadzimadzi, n'kuyala isanaume.

Kudikira ndi kumene ambiri amagonja, poti katundu ali panja ndipo banja likugona mopanikizana. Simenti yatsopano imafuna kuthiriridwa masiku 7, ndipo pouma imatenga pafupifupi tsiku limodzi pa milimita iliyonse ya kuchindikala kwake, nthawi ya dzinja kuposanso apo. Ine ndinakana kufulumira. Ndinkamata pepala la pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse n'kulisiya maola 24. Poyamba pansi pake pankachita thukuta. Tsiku limene ndinalimatula n'kupeza pouma, tinasesa, kupukuta fumbi ndi nsanza yonyowa, ndipo mmisiri anakoka chingwe pakati pa chipinda kuti tailosi yoyamba ikhale pamzere.