Gofu ku Mulanje: chiperoni, mipira yosowa ndi malipiro a onyamula zikwama

Titagwirizana ndi anzanga a mu Blantyre kuti tikasewere gofu kunja kwa mzinda kumapeto kwa sabata, maganizo a ambiri anathamangira kunyanja, poti ku Mangochi kuli bwalo la Mlambe la maenje 9 aafupiafupi. Koma msungichuma wathu atawerengetsa mafuta opitira ndi kubwerera, n'kuphatikizapo mitengo ya malo ogona a m'mphepete mwa nyanja, nkhaniyo inathera pomwepo. Ku Lilongwe kuli bwalo la maenje 18, koma ndi mtunda wopitirira makilomita 300, ndipo Lachisanu ndi Lamulungu zikanathera mumsewu. Tinasankha Mulanje chifukwa ndi pafupi, galimoto imapita ndi kubwerera osathiranso mafuta panjira, komanso bwalo la Mulanje Golf Club lili pansi penipeni pa phiri, m'dera la minda ya tiyi.

Tinalipo anthu 8 ndi magalimoto awiri. Aliyense anasonkha K150,000, m'magawo awiri otsatana ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi, ndipo ndalamazo zinkatumizidwa pafoni kwa munthu mmodzi kuti pasakhale wina wonena kuti adzapereka tikafika. Thumbali linali la mafuta, malo ogona, chakudya, malipiro olowera pabwalo ndi ma caddie, amene amanyamula zikwama za osewera. Zakumwa sizinali m'thumbamo, ndipo ndikulangiza gulu lililonse kuti lichite chimodzimodzi, chifukwa palibe chimene chimadanitsa abwenzi paulendo kuposa kuti womwa madzi alipirire womwa mowa. Chinthu china chofunika ndi kuimbira foni kukalabu nthawi idakalipo. Masiku ena Loweruka kumakhala mpikisano wa mamembala, ndipo alendo ongotulukira akhoza kudikira mpaka masana. Pafoni pomwepo mufunsenso mtengo wa alendo, komanso ngati pali mgwirizano ndi kalabu imene ena a inu ali mamembala.

Chimene chimakweza mtengo wa gofu kuno kwathu si bwalo ayi, koma zipangizo. Ndodo, mipira ndi magolovesi zonse zimachokera kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, kugula bokosi la mipira yatsopano kwasanduka nkhani yoyamba mwaiganizira kawiri. Ambiri a ife timasewerera mipira yakale. Atatu m'gulu lathu analibe ndodo zawozawo, choncho tinabwereka zikwama ziwiri, ndipo wachitatu tinamuika pamodzi ndi mnzake kuti azisewera ngati timu. Malamulo a gofu amalola anthu a timu imodzi kubwerekana ndodo malinga ngati zonse pamodzi sizikupitirira 14, ndipo lamulo limeneli ndi lothandiza kwambiri kwa oyamba kumene.

Tinanyamuka Lachisanu madzulo kudzera njira ya ku Thyolo, ngakhale kuti ndi yaitali kuposa ya Midima, chifukwa tinkafuna kugula ndiwo zamasamba, tomato ndi mbatatesi pamsika wa Bvumbwe. Mdima unatipeza tisanafike pa Luchenza. Tinachita lendi nyumba yokhala ndi khitchini kufupi ndi Chitakale, pamtengo wa K180,000 usiku umodzi, koma titafika woyang'anira nyumbayo anatchula mtengo wina wokwererapo, ponena kuti woyambawo unali wa anthu 6. Chinatipulumutsa ndi uthenga wa pa WhatsApp umene mwini wake anatumiza, wotchula mtengo ndi chiwerengero cha anthu. Khalidwe losintha mtengo alendo atatsitsa kale katundu limandinyansa, chifukwa amadziwa kuti usiku ngati umenewo palibe amene angabwerere. Madzi otentha amene anatilonjeza sanaoneke, magetsi anazima, ndipo nsima tinaphika pambaula.

Loweruka m'mawa tinadzuka phiri kulibe. Unali mwezi wa July, ndipo chiperoni chinali chitalowa usiku: mitambo yotsika mpaka pamitengo, kamvula kowazawaza kosalekeza, ndi mphepo yozizira yochokera mbali ya ku Mozambique. Awiri ankafuna kuti tibwerere kukafunda, koma popeza tinali titabwerera gofuyo, tinapita. Pofuna kuchepetsa ndalama, msungichuma anakonza kuti titenge ma caddie 4 okha, atatu anyamule zikwama ziwiriziwiri, wachinayi chimodzi. Tinagawikana magulu awiri, ndipo gulu langa linapatsidwa mnyamata wina ndi bambo wachikulire wa imvi, amene anavala juzi yakutha m'zigongono ndi chipewa chaubweya. Bamboyo anayang'ana kumwamba, anayang'ananso nsapato zathu, ndipo anangonena kuti, "Tiyeni, abwana, udzu wanyowa koma bwalo likuyendeka."

M'gulu lathu munali mlamu wanga, amene anali atangoyamba kumene kusewera ndipo anabwera ndi mipira 6 yakale. Pofika dzenje lachitatu anali atatsala ndi iwiri. Mpira unkati ukangonyamuka n'kulowa mu nkhungu, ndipo palibe amene ankaona kumene wagwera. Kuyambira mu 2019 malamulo amapereka mphindi 3 zokha zofunafuna mpira, osati 5 ngati kale, ndipo mu udzu wautali wonyowa mphindi zimenezo sizichedwa kutha. Mlamu anayamba kumenya mwamantha, mutu ukudzuka ndodo isanakhudze mpira, ndipo zinthu zinkangoipiraipira. Pamenepo bambo uja anatula zikwama pansi n'kumuyandikira.

"Achimwene, musavutike ndi kuyang'ana kumene mpira ukupita, lero simuuona. Inu menyani basi. Kuyang'anako ndisiyireni ine."

Atatero anauza mnyamata uja kuti atsale nafe, iwo n'kutsogola ndi zikwama zonse ziwiri kumsana mpaka anazimiririka mu nkhungu. Anakaima pambali, kuseri kwa mtengo, ndipo ankati akamva kulira kwa ndodo ankatchera khutu kudikira kugwa kwa mpira. Tikafika tinkawapeza ataima pamene pali mpira wa aliyense, ndipo ankatha kusiyanitsa wa ine ndi wa mnzanga malinga ndi mmene aliyense amapotozera. Umene wakwiririka mu udzu ankaupeza poyenda pang'onopang'ono akusuzumira tsinde lililonse. Kuchokera pamenepo mpaka kumaliza maenje 9, gulu lathu linataya mpira umodzi wokha, umene unagwera m'madzi. Utagwera, bamboyo anapisa m'thumba la buluku n'kutulutsa mipira itatu, yoyera bwino, n'kumupatsa mlamu. Mlamu anafunsa mtengo, poti ma caddie ambiri amagulitsa mipira imene atola ndipo ndi gawo la chakudya chawo. Iwo anakana. "Sewerani kaye. Imene itsale mundibwezera, imene isowe yasowa."

Titamaliza chigawo choyamba tonse tinali titanyowa mpaka mkati, ndipo mlamu, amene anabwera ndi malaya opyapyala, ankanjenjemera moti sankatha kugwira bwino ndodo. Bamboyo anatiuza kuti tisapitirize msanga, chifukwa mphepo inali itayamba kutembenuka ndipo pofika masana mitambo ikwera. Anatikhazika pamalo ousa mvula, anatsegula kachikwama kawo, natulutsa fulasiki ya tiyi ndi mbatata yophika yokulungidwa m'pepala. Chimenecho chinali chakudya chawo chamasana. Anathira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki n'kumupatsa mlamu, ndipo mbatata anainyemanyema kuti ikwanire tonse, kuphatikizapo mnyamata uja. Tinayesa kukana, koma anati mlendo sakana chakudya pakhomo pa mwini wake, ndipo pabwalo limenelo iwo ndiwo anali eni khomo. Tiyiyo anali wotsekemera kwambiri, wopanda mkaka, ndipo kunjenjemera kwa mlamu kunaleka asanamalize chikho chachiwiri.

Zimene ananena zinachitikadi. Itangokwana 12 koloko nkhungu inayamba kung'ambika, matanthwe akuda onyezimira ndi madzi anaonekera pamwamba pa minda ya tiyi, ndipo phiri lonse, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, linaima pamaso pathu. Anzanga a gulu lachiwiri, amene anapitiriza kusewera mumvula osapuma, anamaliza atatopa ndiponso atataya mipira yambiri. Ife tinasewera maenje 9 otsalawo padzuwa, ndipo mlamu anamaliza dzenje lina lalifupi ndi mikwapulo inayi, chinthu chimene anali asanachitepo.

Mkangano unabuka nthawi yolipira. Msungichuma, amene ndi munthu wosamala ndipo ndimamulemekeza, anati m'ndondomeko tinaika malipiro a ma caddie 4, ndipo tiwapatse zomwezo ndi kangachepe pamwamba. Ine ndinakana. Munthu amene wanyamula zikwama ziwiri maenje 18 wagwira ntchito ya anthu awiri, ndipo ngati tamulipira ngati wanyamula chimodzi, ndiye kuti kutsika mtengo kwa ulendo wathu kwachokera pamsana pake. Ndinawakumbutsa kuti mipira imene bamboyo anatipulumutsira, tikanati tikaigule m'sitolo, mtengo wake ukanaposa malipiro awo a tsiku lonse. Wina anati tikatero tiwononga mitengo ndipo osewera a komweko adzatidandaula. Mawu amenewa ndawamva m'makalabu angapo, ndipo nthawi zambiri amatuluka pakamwa pa anthu amene madzulo omwewo amalipira bilu ya zakumwa yoposa malipirowo kangapo osafunsa n'komwe.

Mabwalo a gofu a ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi a m'dera limene azungu a minda ya tiyi anakhazikika, ndipo tiyi wakhala akulimidwa ku Mulanje kuyambira zaka za m'ma 1890. Kwa nthawi yaitali anthu a m'midzi yozungulira ankalowa m'mabwalo otere ngati onyamula katundu ndi otchetcha udzu basi. Lero ambiri amene tikusewera ndife Amalawi, koma caddie alibe malipiro a pamwezi ochokera kwa ife, amadalira zimene wapatsidwa tsiku limenelo, ndipo tsiku la mvula osewera akapanda kubwera amabwerera kunyumba chimanjamanja. Zimandiwawa kuona kuti tikamakonza ulendo wotsika mtengo, malo oyamba amene timathamangira kudulapo ndi a munthu amene sangathe kutitsutsa. Mafuta sitingawanenerere, mwini nyumba amakana, kalabu ili ndi mtengo wolembedwa, koma caddie amalandira chilichonse n'kuthokoza.

Pamapeto pake tinagwirizana kulipira pa chikwama chilichonse, osati pa munthu, ndipo ndalama zowonjezerazo tinazipeza posiya chakudya cha kulesitilanti chimene tinakonza Loweruka usiku. M'malo mwake tinagula nkhuku ziwiri zachikuda pamsika n'kuphika tokha. Mlamu anabweza mipira itatu ija yonse, n'kuwonjezerapo yake yotsala.

Lamulungu kunacha bwino ndipo tinasewera maenje 9 okha ndi ma caddie omwewo, kuti tipeze nthawi yopita ku Likhubula kukaona mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Amene akufuna kupita pakati pa May ndi August atenge juzi, jekete losalowa madzi ndi masokosi osinthira, ndipo asaike masewero onse pa tsiku limodzi, chifukwa chiperoni chikhoza kukhala masiku angapo. Mu September ndi October kumauma ndipo mpira umathamanga patali, koma muyenera kuyamba m'mamawa dzuwa lisanakwere. Tinabwerera kudzera msewu wa Midima, ndipo msungichuma atawerengetsa zonse m'thumba munatsala K46,000. Tinagwirizana kuti zisagawidwe koma zikhale poyambira ulendo wotsatira, umene ambiri akufuna kuti ukhale wa ku Zomba Gymkhana Club, ndipo m'ndondomeko yake malipiro a ma caddie talemba kale pa chikwama chilichonse.