Ulendo wathu wa ku Brookhaven: kusuzumira m'kati mwa pulotoni

Gulu lathu la ophunzira fizikisi ochokera ku Africa amene tikuchita maphunziro ku New York linapita kukaona Brookhaven National Laboratory, malo ochitira kafukufuku wa sayansi, ku Upton pa chilumba cha Long Island. Titaonetsa mapasipoti pachipata, tinalunjika ku RHIC, makina owombanitsa tizinthu ta m'kati mwa atomu, monga mapulotoni, amene anayamba ntchito mu 2000.

Makinawo anali atazimitsidwa, ndiye anatilowetsa mumphanga yake, yozungulira makilomita 3.8. M'katimo munali mutadutsa mapaipi awiri moyandikana, ina amaitcha yabuluu, ina yachikasu, ndipo onse anali atazingidwa ndi maginito amene ankaziziritsidwa ndi helium mpaka pafupifupi madigiri -269 Celsius. Kenako tinaima pansi pa STAR, chipangizo cholemera matani 1,200 chojambula zidutswa zimene zimamwazika mapulotoni akagundana. Aliyense anakweza khosi, mawaya ali pyapyapya mbali zonse.

Koma chimene chinatigwira mtima ndi nkhani ya spin, khalidwe la pulotoni lokhala ngati kuzungulira. Wotiperekeza, mayi wofufuza pamalopo, anati tiganize za nguli ikamazungulira, ngakhale anachenjeza kuti pulotoni sizungulira choncho kwenikweni. Kale akatswiri ankakhulupirira kuti spin yonse ya pulotoni imachokera ku ma quark, tizidutswa titatu ta m'kati mwake. Mu 1987 gulu la ofufuza la EMC ku CERN, malo a kafukufuku a ku Ulaya, linapeza kuti ma quark amapereka gawo lochepa chabe. Lero akuti ndi pafupifupi 30 peresenti. Nanga yotsalayo ili kuti? RHIC, makina oyamba padziko lonse kuwombanitsa mapulotoni amene spin yawo yalozetsedwa mbali imodzi, inaonetsa kuti ma gluon, amene amamata ma quark pamodzi, amasenzanso gawo lalikulu ndithu.

Kusunga mapulotoni ataloza mbali imodzi pamene akuthamanga pafupifupi liwiro la kuwala si ntchito yamasewera. Mu RHIC munali maginito opota, otchedwa Siberian snakes, amene ankatembenuza spin paulendo uliwonse wozungulira kuti zosokoneza zizifafanizana zokha. Kwa ine, luso lenileni la malowa lagona pamenepo, osati pa kukula kwa zitsulo.

Mnzathu wina anafunsa kuti: "Mayi, ndiye funsoli linayankhidwa?" Iwo anaseka n'kupukusa mutu. Gawo lina likuoneka kuti limachokera ku kayendedwe ka ma quark ndi ma gluon m'kati mwa pulotoni, ndipo kuyeza zimenezo kukudikira Electron-Ion Collider, makina atsopano owombanitsa tizinthu, amene boma la America linalengeza mu 2020 kuti amangidwa mumphanga yomweyo. Brookhaven ikumanga makinawo mogwirizana ndi Jefferson Lab ya ku Virginia, ndipo pobwerera m'basi tinagwirizana kuti ulendo wotsatira ukhale wa kumeneko.