Lachitatu ku Harare: matenda a mng'ono wanga adziwika

Lero m'mawa ndinaperekeza mng'ono wanga kwa dokotala wa matenda a ubongo ndi mitsempha kukamva zotsatira za zimene akhala akumupima chiyambire nyengo yozizira. Tinalawirira kuchoka ku Mufakose, chifukwa dzuwa la Okutobala likangokwera miyendo yake imalemera ndipo diso lakumanzere limachita nkhungu. Dokotala anati zimenezi n'zodziwika: thupi likatentha, mitsempha yowonongeka imavutika kupititsa uthenga, koma likazizira amapezanso bwino.

Matendawa ndi multiple sclerosis. Chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake n'kumawononga chokutira cha mitsempha ya mu ubongo, ya mumsana ndi ya maso, monga khoswe amatafunira pulasitiki wokuta waya wa magetsi. Amakonda kuyamba munthu ali ndi zaka zapakati pa 20 ndi 40, ndipo akazi ndiwo amadwala kwambiri kuposa amuna. Sapatsirana.

Achibale akhala akudandaula kuti dokotala akuchedwa kutchula nthenda, koma ine nditamva mmene anafotokozera ndikuona kuti kudekha kwakeko kunali koyenera. Palibe njira imodzi yopimira imene payokha ingatsimikize matendawa. Malinga ndi mfundo zodziwira matendawa zotchedwa McDonald, zimene zinakhazikitsidwa mu 2001 ndipo zakhala zikukonzedwanso, dokotala amafufuza umboni wakuti mitsempha yawonongeka m'malo osiyanasiyana ndiponso pa nthawi zosiyana. Pazithunzi za MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, anatilozera timadontho toyera, tina takale, tina tatsopano timene tinawala atamubaya mankhwala a gadolinium. Madzi a mumsana, amene mayi athu ankaopa kwambiri kuti akamutenga alumala, nawonso anaperekera umboni womwewo.

Asanafike pamenepo anayamba watsimikiza kaye kuti si matenda ena amene kuno n'ngofala ndipo amanamiza: HIV, chindoko, TB ya msana ndi kuchepa kwa vitamini B12. Anapimanso magazi kufufuza neuromyelitis optica, nthenda yofanana nayo kwambiri imene imapezeka kwambiri mwa anthu akuda kuposa azungu, ndipo apa m'pamene kupupuluma kukanatipweteka, pakuti mankhwala a interferon beta, amene amathandiza odwala multiple sclerosis, amatha kuikulitsa nthenda inayo.

Madzulo amalume anabwera kuchokera ku Mbare, ndipo ataona mdzukulu wawo akuyenda yekha pabwalo anafunsa kuti, "Kodi mwanayu sanachire kale? Nanga mankhwala odulawo ndi achiyaninso?" Ndinawayankha kuti, "Amalume, kupeza bwino kumeneku n'kumene kumapusitsa anthu." Odwala pafupifupi 85 mwa 100 alionse amayamba chonchi: nthenda imabuka, imazilala kwa miyezi kapena zaka, kenako imabukanso, pamene mkati mitsempha ikhoza kumawonongekabe mwakachetechete. Dilipi ya methylprednisolone imene analandira diso litavuta inangofupikitsa vuto la nthawi imeneyo. Siteteza za m'tsogolo. Amalume anangogwedeza mutu, ndipo sindikukhulupirira kuti maganizo awo opita naye kwa sing'anga atheratu.

Mankhwala ochiziratu kulibe, koma ochepetsa kubuka kwake alipo. Dokotala wasankha rituximab, wolandira kudzera m'dilipi pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linamuika pamndandanda wa mankhwala ofunikira a matendawa mu 2023, pamodzi ndi cladribine ndi glatiramer acetate. Kukhala pamndandanda sikutsitsa mtengo pompopompo, ndipo madola ake tiyenera kusonkherana pabanja. Popeza mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, mawa akapimidwa kaye hepatitis B, kenako tikaonana ndi wophunzitsa mafizo kuti miyendo isaume. Kuntchito kwake tikapemphanso kuti amuchotse pafupi ndi mbaula zophikira, kumene kutentha kumamugwetsa mphamvu nthawi ya nkhomaliro isanakwane.