Momwe tinapezera morphine wa amayi n'kuwasamalira kunyumba

Adokotala atatiuza kuti khansa ya khomo la chiberekero ya amayi yafalikira moti opaleshoni singathandizenso, anatilembera m'kabuku ka kuchipatala kuti tipite ku Tiyanjane. Iyi ndi kiliniki ya pa Queens ku Blantyre yosamalira akuluakulu odwala matenda osachiritsika. Ana amapita ku Umodzi, pachipatala chomwecho. A m'chigawo chapakati, Ndi Moyo ku Salima imagwira ntchito yomweyi, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi anamwino ophunzitsidwa zimenezi.

Popita tengani kabuku, mapepala a zoyezayeza ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, ngakhale azitsamba. Musabise.

Anamwino sanayambe ndi za khansa. Anafunsa kuti, "Amayi, pakupweteka pati?" Kenako anawauza kuti asonyeze ndi zala kukula kwa ululu, chimodzi kutanthauza pang'ono, zisanu wosapiririka. Amayi, amene kunyumba ankangoti "ndiliko" poopa kutivutitsa, anatambasula dzanja lonse.

Tinabwerako ndi botolo la morphine wamadzi wobiriwira, waulere, ndi sirinji yopanda singano yoyezera. Morphine ndi mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Amamwa pakamwa maola 4 aliwonse: 6 m'mawa, 10, 2 masana, 6 madzulo, ndipo pa 10 usiku anatiuza kupereka mlingo wowirikiza kuti amayi agone mpaka kucha. Apa ndiye pagona nkhani. Mankhwalawa sadikira kuti munthu ayambe kubuula. Nthawi ikakwana mumapereka, ngakhale akuseka. Ululu mukaulola kubwerera, kuutsitsanso ndi ntchito. Ine ndinatchera alamu pafoni, n'kumachonga m'kope nthawi iliyonse akamwa.

Azakhali atamva dzina la mankhwalawo anakwiya, amvekere amenewo ndi operekezera munthu kumanda. Sindinalimbane nawo, ndinangowatenga ulendo wotsatira kuti akamve okha kwa anamwino. Poyamba amayi ankawodzera komanso kuchita nseru, koma zinatha pasanapite nthawi. Chimene sichitha ndi kudzimbidwa. Anatipatsa bisacodyl woti azimwa tsiku ndi tsiku, natiuzanso za nthanga za papaya zoumitsa n'kusinja, zothira m'phala. Mlingo musasinthe nokha, musasiyitsenso mwadzidzidzi. Botolo likhale pomwe ana safika, ndipo likayamba kutsika pitani msanga. Gadiyani amatha kukatenga ndi kabuku osanyamula wodwala pa minibasi.

Za fungo lobwera chifukwa cha khansayi anthu amachita nazo manyazi, koma nenani. Ife anatipatsa Flagyl, fungo linachepa, alendo anayambanso kulowa m'chipinda.

Amayi atasiya kudzuka okha tinkawatembenuza maola 2 aliwonse, pilo pakati pa mawondo, pulasitiki pansi pa chitenje kuti matiresi asanyowe. Powasambitsa ndinkayang'ana m'chiuno, pamapewa ndi ku zidendene. Pakangofiira kapena kuda, ndiye kuti chilonda chayandikira, mbali imeneyo asagonerenso. Chakudya musakakamize, ngakhale mtima umawawa kuona mbale ikubwerera. Masipuni angapo a phala lamadzimadzi, kunyowetsa milomo, basi.

Kudikirira wodwala usiku wekha sungathe. Tinagawana mausiku ndi achimwene ndi alamu anga, amayi a Mvano ankabwera kudzachapa ndi kupemphera, ine n'kupezako tulo.

Ululu utatsika amayi anayamba kukhala pamkeka pakhonde, ndipo anaitanitsa okha amalume, mwini mbumba. Ananena za munda, za nyumba ndi za fizi ya mdzukulu amene ankamulera. Achimwene analemba zonse papepala, amayi anadinda chala, ndipo anansi awiri amene sakulandirapo kanthu anasaina ngati mboni.